Mipando Makumi Anayi

Ndine mlembi wa bungwe la eni nyumba kuno ku Kaphatenga,
koma ntchito yanga yeniyeni ndi kunyamula mipando.
Loweruka loyamba la mwezi ndimabwereka makumi anayi kusukulu,
ndimaindanda bwinobwino pansi pa shedi,
dzuwa likapendeka ndimabweza makumi awiri ndi itatu
isanalawe thukuta la munthu.

Malamulo tidalemba tokha, chaka chogawana mapuloti:
nyumba makumi asanu ndi limodzi,
kanthu kasadutse popanda manja makumi anayi m'mwamba.
Tinkaopa kuberana.
Tidamanga mfundo yoti mbala isamasule,
lero ikutigulula mano eni akefe.

A Kamphambale ali ku Joni, foni imangoitana.
Che Saiti adatisiya chaka chatha, ana akadalimbirana makiyi.
Nyumba zisanu ndi zinayi muli alendi,
eni ake amakumbuka Salima pakutha pa mwezi pokha.
Ena ali pompano. Amandipatsa moni pampanda,
amati tikubwera, mlembi, tingomaliza kuchapa.

Pampu ya thanki idapsa mu Okutobala.
Kalavati idapita ndi mvula ya Januwale,
ambulansi idaima tsidya lija ikuwalitsa nyali
Nanthambwe tikumuwolotsa pachitseko, mwana ali m'njira.
Ndalama zilipo kubanki,
zikufumbwa ngati chimanga chosathira mankhwala.

Ndiye ndidasita jekete, ndidapita kwa loya.
Adandilumbiritsa, ndidasaina masamba asanu ndi limodzi.
Olemekezeka, titsitsireni chiwerengero,
manja makumi awiri atikwanire.
Nawu umboni: kaundula wa misonkhano khumi ndi inayi,
iliyonse ili ndi mzere umodzi wokha,
msonkhano walephereka.
Sitikufuna mpando wa munthu.
Tikufuna pampu.

Khoti lidati aliyense adziwitsidwe.
Ndidamata zikalata pageti ndi pageti,
zina ndidajambula n'kutumiza pafoni.

Tsiku la mlandu ndidafika paboma mamawa,
ndidapeza njinga za kabaza zitadzaza panja.
A Kamphambale adatumiza mlamu wawo ndi kalata yachidindo.
Ana a Che Saiti adabwera onse atatu, atakhalirana kutali.
A ku Lilongwe adatsika m'galimoto akupukuta nsapato.
Ochapa aja nawonso adali atamaliza kuchapa.

Mayi Chikuse a nyumba ya pakona adaimirira,
chitenje chikununkhabe tomato wa pamsika.
Adati, Olemekezeka, ine Loweruka ndi tsiku langa lamalonda,
ndawauza alembiwa kanayi konse.
Mukatsitsa chiwerengero, khumi ndi mmodzi mwa makumi awiri
adzakweza msonkho ine ndili pabenchi,
ndidzangomva kuti zidadutsa.

Ndidayang'ana m'kaundula mwanga.
Mawu awo munalibe.
Ndimalemba okhawo amene abwera.

Woweruza adavula magalasi, adafunsa:
kodi eni nyumba muli angati muno?
Chizolowezi chidandigwira, ndidayamba kuwerenga mitu,
mabenchi, khoma, mpaka oima pakhomo.
Makumi anayi ndi asanu ndi awiri.
Mawu adandikakamira pakhosi potchula.

Wina kumbuyo adakuwa kuti tivotere pampu pompano.
Loya adapukusa mutu:
malamulo athu omwewo amafuna chidziwitso cha masiku khumi ndi anayi.
Khoti lidaseka, wapolisi adati chete,
mlandu udaimitsidwa mpaka mwezi wamawa.

Panja tidagwirizana Lamulungu, anthu akaweruka kutchalitchi.
Aliyense adalonjeza. Ena adalumbira pali amayi awo.
Mayi Chikuse adandipatsa tomato atatu osalipira,
adati mukalembe zimenezo.

Lero ndi Lamulungu lija.
Ndabwereka mipando makumi asanu, ahedi adandiyang'ana kawiri.
Nthawi yadutsa ndi theka la ola.
Pakhala anthu makumi atatu ndi asanu ndi mmodzi,
mpopi ukadali wouma kuseri kwa shedi,
cholembera ndachitsekula,
ndipo maso athu tonse ali kumsewu
komwe kukubwera fumbi,
kaya ndi anthu anayi, kaya ndi mphepo.